Tsiku Limene Ndinasowa Mbale Yothawa Nayo

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu ndi atatu, ndipo ndiwatchula onse kuti wina asadzati nkhalamba yapeka. Ndinalipo ine, Laimoni Ngozo wa ku Ntcheu, ndi ndodo yanga ya kuchipatala. Analipo abambo anu, Limbani. Analipo amayi anu. Analipo a Donato, Mtaliyana, amene inu mumati Nonno, ine ndimati asewere, poti mwana wawo anakwatiwa ndi mwana wanga. Analipo alongo awo a Donato, a Assunta, aja aafupi ngati mtondo, ovala zakuda chaka chonse. Ndiye inu atatu. Iwe Tadala unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, utayamba kale kutiyang'ana akuluakulu ngati tonse tinagwa chamutu. Iwe Marco unalibe mano akutsogolo. Iwe Chisomo unali pa kampando kako kaja, ukumenya supuni.

Munalipo, inde, koma munangoona agogo akukuwa, amayi anu akulira, kenaka anthu akuseka. Chimene chinkaweruzidwa pa tebulo lija simunachidziwe. Chipinda chapansi chino, chimene mumalowamo osaodira n'kumandibera masiwiti m'dirowa, ndinatsala pang'ono kuchiphonya. Ndikakumbukira ndimapuma mpweya wautali mpaka lero. N'chifukwa chake ndagula kope. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, ndiye mukapeza chilembo chagona chidzutseni, koma mawu anga musawakhudze.

Ndiyambe ndi kugwa. Ndinkakhala ndekha ku Thamesmead, pa fulati ya pamwamba, m'buloko imene lifiti yake inkayenda ikafuna. Tsiku lina ndikutsika ndi zinyalala phazi linaphonya, ndinakapezeka pansi fupa la m'chiuno litathyoka. Ndinakuwa mpaka anthu a buloko inayo anatuluka. Mawu angawa mumawaseka, koma ndi amene anandiitanira ambulansi, osati mafoni anuwo. Nditatuluka m'chipatala kunabwera mayi wina wa ku khansolo, waulemu ndithu, atanyamula kabuku ka zithunzi. Munali nyumba yosungirako okalamba: maluwa, mipando yofewa, nkhalamba zikumwetulira ngati zili pa ukwati. Anati masitepe aja si anganso. Ine nyumba zimenezo ndimazidziwa. Mnzanga wa kutchalitchi, a Sitima, obadwira pa famu ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Dedza, anathera kumeneko. Ndinakawaona kawiri. Anali atawakhazika patsogolo pa TV, Chizungu chonse chitawathawa m'mutu, akupempha madzi m'Chichewa, anamwino akungowasisita paphewa. Ndinabweza kabuku kaja. Ndinati, "Mayi, ine ndili ndi mwana ku Ilford. Ali ndi chipinda chapansi mongogona njinga ndi makatoni."

Limbani anabwera Lachinayi. Anakhala kumphepete kwa sofa osavula jekete.

"Adadi, za chipinda zija zavuta pang'ono."

"Zavuta bwanji? Njinga zakana kutuluka?"

"Lucia sakuvomera."

Ndinamufunsa katatu chifukwa chimene amayi anu akukanira. Anangoyang'ana kapeti. Abambo anuwa kuntchito amalamula anthu, koma ine ndikangokweza mawu amabwerera kukhala kamwana ka kabudula.

"Akuti mubwere Lamulungu mudzadye," anatero. "Nonno abwera ndi zakwawo. Tikatha tikambirana. Mayi wa ku khansolo uja akufuna yankho Lolemba."

Atachoka ndinakhala kukamwa kuli yasa. Mu London muno, kuchokera ku Peckham mpaka ku Ilford, kunalibe munthu wolemekeza mkazi wa mwana wake kuposa ine. Ndinkanena zimenezi poyera, panja pa tchalitchi, ena n'kumachita manyazi.

Ana inu simudziwa ulemu wa chipongozi, mumangodumphira aliyense pakhosi ngati ana agalu. Kwathu, mkulu wanga atakwatira, bambo anga sankadya pamene mkazi wakeyo angawaone. Akakumana panjira, iye ankapatukira pa udzu n'kugwada chotembenuka, bambo n'kudutsa akuyang'ana kumapiri. Dzina lake sankalitchula. Akafuna kumuthokoza pa chakudya ankatuma mwana. Simunali udani mmenemo. Munthu amene umamulemekeza zedi sumamuyang'anitsa mano ako akutafuna. Ndinakula ndikuona zimenezo, ndipo ndi zimene ndinanyamula pothawa, poti china ndinalibe.

Za kuthawako ndinakuuzanipo kale, koma munali pa mafoni. Ndinali dalaivala wa bwana wina wa ndale. Zinthu zitaipa iye anathawa, ine ndinamuthawitsa, ndipo wothawitsa mnzake sabwerera. Galimoto tinaisiya m'tchire pafupi ndi malire, yokongola, matayala atsopano, mpaka lero imandiwawa. Agogo anu aakazi, Anambewe, ananditsatira patapita miyezi, pamsana pa lole ya fodya. Tinakhalako ku Zambia, tinakhalako ku Tanzania, kenaka kuno. Bwana uja anali ndi makalata ake a sukulu, anakapeza ofesi. Ine ndinapeza ndowa ndi burashi, kutsuka mabasi m'bandakucha, madzi akuluma zala. Tinali ndi chipinda chimodzi ku Peckham ndi chitofu cha parafini chimene chinkatinunkhitsa mpaka kutchalitchi. Peckham mukumuona leroyu, wa therere ndi nsomba zouma pa khomo lililonse, kunalibe. Ufa unkasowa ngati mankhwala. Anambewe ndi amene anapeza kasitolo ka Mtaliyana wina, kopachika nyama zouma kudenga, kogulitsa ufa wa chimanga wachikasu. Ine ndinayamba ndaukana. Kwathu ufa wachikasu unkabwera chaka cha njala, ndinati sindinawoloke nyanja kudzadya njala. Patapita masiku awiri ndinadya. Mtaliyana uja sankalola munthu kutuluka asanalawe kanthu, amakuika katchizi m'dzanja ngakhale wangobwera kudzafunsa njira. Ndiye ine ndinkadziyesa kuti anthu amenewa ndimawadziwa.

Anambewe anatisiya kutatsala chaka kuti Limbani akwatire. Mkamwana wawo sanamuone. Izi muzigwire.

Tsiku limene Limbani anabweretsa amayi anu ku Thamesmead, iwo analowa manja ali tambalala, kubwera kudzandipsompsona masaya monga amachitira kwawo. Ine ndinabwerera chambuyo mpaka ndinagunda fuliji. Ndinagwira chigongono, ndinaweramitsa mutu, ndinalonjera ndikuyang'ana pansi. Kuyambira tsiku limenelo lamulo ndinalisunga osaphonya, zaka khumi ndi zinayi. Lamulungu lililonse ndinkakwera mabasi awiri kubwera kuno. Chakudya chikaikidwa pa tebulo, ndinkanyamula mbale yanga kukakhala pa sitepe yachitatu, apo pamene mumaunjika nsapato. Akalowa pabalaza ine ndinkatuluka. Ndinkawatcha amake Tadala, ndipo iwe usanabadwe ndinkangoti eni nyumba.

Ndipo musaganize kuti ndinkadya mokakamizika. Amayi anu amaphika za kwawo kwa Ataliyana, za kumapiri a ku Abruzzo, kumene a Donato anabadwira. Pasta ija amaidula pa kabokosi ka mawaya, kokhala ngati gitala, ndi msuzi wa nkhosa. Tinyama ta nkhosa tija totunga pa timitengo, tochepa ngati nsonga ya chala, ndinkadya mpaka timitengo kudzaza m'thumba la jekete, kuopa kuti angawerenge. Pa Isitala timakeke ta tchizi totupa ngati tsaya la mwana. Pa sitepe paja ndinkanyambita zala ngati wakuba. Ndikatha ndinkaitana iwe Tadala n'kuti, "Kawauze amayi ako kuti tathokoza, mchere wakwana." Iwe unkapita n'kukanena m'Chizungu mawu awiri okha. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, koma nsapato zawo ndinkazidziwa zonse: zakuda za kuntchito, zofiira za Khirisimasi, masilipasi a ubweya odyeka chidendene chakumanzere.

Munthu wotero n'kumukana chipinda? Lachisanu ndi Loweruka sindinadye bwino. Kabuku ka zithunzi kaja mayi uja anali atakasiya mochenjera pa tebulo, ndinakavundikira ndi thireyi.

Lamulungu Limbani anadzanditenga pa galimoto. Unali mwezi wa Januwale, kozizira kolowa m'mafupa. Titalowa ndinaona kuti pa tebulo palibe nsalu, palibe mbale, palibe matambula. Panali thabwa limodzi lalikulu, lotalika pafupifupi chitseko, lakuda ndi ukalamba, lokumbika pang'ono pakati. A Donato anali atabwera nalo pa basi, dalaivala atayamba wakana. Iwo anali kukhitchini atavula jekete, akutakasa mumphika wa mkuwa ndi ndodo yaitali, thukuta lili kamukamu. Ndinasuzumira. Unali ufa wachikasu uja.

Ine ndi asewere timalankhulana Chizungu cha pa geti, chothyoka mbali zonse, ndipo timamvana kuposa anthu ophunzira. Iwonso sukulu sanapite patali. Anabwera m'dziko lino ali mnyamata kudzaotcha njerwa.

"Asewere," ndinatero, "phala limeneli ndi la odwala? Onjezani ufa, patseni ndodoyo ndikuonetseni."

"Chotsa dzanja, Laimoni. Iyi ndi polenta. Zako zolimba zija ukamangire nyumba."

Akutakasa anandiuza za thabwa. Linali la amayi awo. Pa thabwa limenelo ankakandirapo buledi ndi pasta, ndipo mwezi wa Januwale, akapha nkhumba, chipale chitatseka msewu wopita kutauni, ankathirapo polenta. Ana analipo asanu ndi anayi. Soseji inali imodzi, pakati penipeni. Aliyense ankayambira kumphepete kwake ndi foloko, kudya cholunjika pakati, ndipo wofika msanga ndiye mwini soseji. Amayi awo atamwalira abale analimbirana munda ndi nyumba, iwo anangonyamula thabwa kukwera nalo sitima.

"Kwathu," anatero osandiyang'ana, "amene wadya nawe pa thabwa ndi wako. Ngakhale adani amayanjanitsidwa pamenepa."

Ine ndinati nkhani yabwino, osadziwa kuti msampha ndi wanga.

A Donato anabwera nawo mphika uja awiri ndi Limbani, anaukhuthulira pa thabwa, a Assunta n'kumasalaza ndi chipande mpaka thabwa lonse linakhala lachikasu. Amayi anu anathira msuzi wa matimati wa nthiti za nkhumba, anawaza tchizi cha mkaka wa nkhosa, anaika masoseji pakati. Fungo lake, ana inu, linandikumbutsa kuti ndagona ndi njala masiku awiri.

Ndinakukodola iwe Marco. "Kanditengere mbale."

"Palibe mbale, Agogo," unatero iwe, mphepo ikutuluka pa mano. "Lero n'zopanda mbale."

Ndinayang'ana kukabati. A Assunta anali atakokera mpando wawo patsogolo pa chitseko chake, manja atapinda, ngati mlonda wa pa banki. Ndinayang'ana kumasitepe. Ngakhale ndikanapita, ndikananyamula chiyani? Phala m'manja? A Donato anandigwira pamkono n'kundikhazika pakati pa mbali yaitali ya thabwa. Nditayang'ana pansi pa tebulo, moyang'anizana nane, ndinaona masilipasi a ubweya aja.

Anapemphera. Inu munayamba kukumba ngati mfuko. Ine ndinagwira foloko, maso ali pa mphepete mwa thabwa. Mtima unkati idya, Laimoni, mawa ndi Lolemba. Koma dzanja linakana. Kudya pamaso pawo kunali kale kovuta. Apa ndiye kunali kudya m'mbale imodzi, njira yanga ikulunjika njira yawo. Bambo anga akanadzuka m'manda akanandimenya ndi ndodo yanga yomweyi. Ndinaika foloko pansi.

Mafoloko ena onse analeka kulira. Kenaka ndinamva mawu a amayi anu, m'Chichewa, pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala. Pambuyo pake ndinamva kuti anakafunsa kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu n'kuloweza sabata yonse.

"Apongozi, ndinakulakwirani chiyani?"

Ndinatembenukira kwa iwe Tadala. "Uwauze amayi ako kuti..."

Amayi anu anamenya thabwa ndi chikhatho mpaka msuzi unathovokera pa malaya anga. Chichewa chinawathera pomwepo, zotsalazo ananena m'Chizungu.

"Ndili pano. Musatume mwana. Zaka khumi ndi zinayi, Papa. Poyamba ndinkati chakudya changa n'choipa, ndinachepetsa adyo, ndinasintha mchere, koma mbale inkabwera yoyera. Ndinati mwina chifukwa ndine mzungu. Koma azakhali angawa mumawapsompsona masaya onse awiri. Kuchipatala ndinakupezani mukudya bisiketi ndi nesi, mukuseka, nditangolowa ine munafunda bulangete kumutu. Ndikhoza kukuphikirani, kukuchapirani, kukuperekezani kwa dokotala. Sindiopa ntchito. Koma Lamulungu limodzi pa sabata ndimapirira. Tsiku ndi tsiku, m'nyumba mwanga, munthu azindithawa ngati ndikununkha, ana anga akuona? Chisomo wayamba kale kunyamula mbale yake kupita pa masitepe. Sindingathe."

Ana inu, ndakhalapo ndi mantha. Pa malire paja asilikali anatidutsa pafupi ngati apa ndi pakhomo. Koma sindinaope ngati mmene ndinaopera pamenepo. Ndipo mukudziwa agogo anu akachita mantha amatani. Ndinakuwa. Ndinakuwira Limbani, poti iye ndiye ndikanatha kumuyang'ana.

"Iwe, mkazi wako sunamuuze? Ine ndazizidwa pa sitepe zaka zonsezi, matako kuuma, kumupatsa ulemu umene bambo anga ankapatsa mkazi wa mkulu wanga, iwe uli chete? Nesi ndi ndani kwa ine? A Assunta ndi ndani? Ndingadye ndi aliyense wa mumsewu chifukwa si kanthu kwa ine. Uyu ndi mayi wa adzukulu anga. Ndi mwini nyumba. Ndimuonetse m'kamwa mwanga?"

"Ndinamuuza kuti ndi kalicha, Adadi."

"Anandiuza," anatero amayi anu. "Akuti ndi kalicha. Ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kukugwa mvula. Ndikafunsa kuti kalicha yake yotani, akuti sakudziwa, anabadwira ku Peckham."

"Nanga osandifunsa ine bwanji?" ndinamufunsa Limbani.

"Kukufunsani inu? Ndinayesapo kamodzi, Tadala ali khanda. Munandiuza kuti ndine mwana wa mabasi, sindidziwa kanthu, mpaka aneba anagogoda khoma."

Zimenezo zinali zoona.

A Donato anapukuta foloko yawo pa mpango. "Laimoni, ndifunse. Ulemu wakowu ndaumva. Ndi waukulu, wolemera ngati thumba la simenti. Koma kwanuko umatha liti? Mpaka wina afe?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditi inde. Ndiye ndinaona chinthu chimene ndinali nditachiiwala zaka makumi. Ndinaona bambo anga atakalamba, atakhala pa khonde, ndi mkazi wa mkulu wanga yemwe uja atakhala pambali pawo, akuwasankhira minga ya nsomba, akuseka nawo. Sanafe akuthawana. Mwana woyamba atabadwa n'kuyamba kuyenda, mayi anga ndi azakhali anawaitana awiriwo. Mkamwana anaphika nkhuku, anaipereka ndi dzanja lake, bambo analandira, anadya pamaso pa anthu, amayi aakulu aja n'kunena kuti manyazi atha, uyu ndi mwana wanu tsopano. Ine ndinali mnyamata, ndinkangodikira mutu wa nkhuku. Zimenezi si amuna amene amaziyambitsa. Amakonza ndi amayi. Mwamuna amangodikira kuitanidwa.

Ine ndinadikira zaka khumi ndi zinayi, osadziwa n'komwe kuti ndikudikira. Wondiitana, Anambewe, anali atagona kumanda a kum'mwera kwa London chaka chimodzi ukwati usanachitike.

Ndinawafotokozera. Mawu anga anatsika okha, mpaka iwe Tadala unandiyang'ana kuti mwina ndadwala. Nditatchula Anambewe, Limbani anadzuka kukayang'ana pa windo, ngati kunja kuli chinthu.

A Assunta Chizungu amamva koma salankhula, amati n'chilankhulo cha anthu a chimfine. Analankhula Chitaliyana mofulumira, a Donato n'kumamasulira.

"Akuti pakufunika mayi wachikulire? Akuti iwo ali ndi zaka zokwana amayi awiri. Akuti nyama ndi iyi pa thabwa, tiyeni tithane nazo, polenta ikuzizira."

"Iyi ndi nkhumba," ndinatero. "Pamafunika nkhuku."

"Laimoni, nkhumba ndi yaikulu kuposa nkhuku."

"Si nkhani ya kukula. Ndi nkhuku."

Limbani anati athamangire ku shopu. Amayi anu anati ayi, munthu asatuluke, akatuluka wina nkhalamba iyi ipeza pothawira. Masilipasi aja anachoka pansi pa tebulo. Ndinamva chitseko cha filiza. Anabwera ndi bokosi la tinkhuku tanu tija ta manageti, timene iwe Marco unkakana kudya china chilichonse koma ito.

"Iyi ndi nkhuku?" anafunsa, akufunsa ine, osati mwana.

Ndinayang'ana bokosi. Panali chithunzi cha tambala atavala chipewa. Ndinaganiza za azakhali anga, amene ankasankha nkhuku yakuda yonenepa n'kuigwira pachifuwa ngati mwana. Ndinaganizanso za a Sitima akupempha madzi.

"Tambala ndiye akuoneka," ndinatero.

Tinadikira uvuni. A Donato ankangodandaula kuti polenta sidikira munthu, mayi awo akanaona akanalira. Tinkhuku tija titapsa, amayi anu anabwera nato pa chipande, poti mbale zinali zikadali m'ndende. A Assunta ataona kuti tikuikidwa pa thabwa la mayi awo, pambali pa soseji, anachita chizindikiro cha mtanda kawiri n'kuyang'ana kudenga kupepesa. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Ndinaona kuti si ine ndekha amene makolo ake akutembenuka m'manda.

A Assunta anaimirira, ngakhale kuimirira kwawo ndi kukhala sizisiyana kwenikweni. Anagwira dzanja la amayi anu, anagwira langa, ananena mawu awo. A Donato anamasulira kuti, "Akuti basi, zopusa zatha, uyu ndi mwana wako." Si mmene azakhali ankanenera, koma mutu wake ndi womwewo.

Amayi anu anatola kamodzi ndi zala, anatambasula dzanja pamwamba pa thabwa. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndiye ndinakweza mutu. Khosi linalira ngati chitseko chakale.

Ndinapeza munthu wa imvi pang'ono cha m'makutu. Ndinali nditamusiya mtsikana pa fuliji paja. Pa nsidze yakumanja anali ndi kachipsera, kamene aliyense m'nyumba muno amakadziwa kuti anagwa pa njinga ali mwana, kupatula ine. Maso anali ofiira, mphuno yofiira, koma anandiyang'ana osaphethira, ngati mayi amene akudikira mwana ameze mankhwala. Ndinaluma. Kunena zoona, tinthu timene mumadya anatu inu n'topanda pake, ngati siponji yokazinga. Ndinatafuna pamaso pake, ndinameza.

"Zikomo, Lucia," ndinatero.

Ndinkafuna kunena motsitsa, koma mawu anga sadziwa njira imeneyo. Galu wa aneba anauwa. Iwe Chisomo unaponya supuni n'kuyamba kulira, amayi ako akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anazungulira tebulo kubwera kumasaya kwanga, ine ndinakweza dzanja. Ndinati pang'onopang'ono, mwana wanga, nkhuku imodzi simasula zonse. Za masayazo zinatenga chaka china.

Polenta inali itazizira, italimba, ndipo ndinawauza asewere kuti tsopano ndiye yapsa. Ndinakumba njira yanga ngati thirakitala. Lucia ankakumba yake kuchokera kutsidya, akundifunsa ngati adyo wachuluka. Ndinati kuyambira kale ndinkaona kuti amamana adyo. Anandiponyera mpango. Titatsala pang'ono kukumana pakati tinapeza soseji kulibe, iwe Marco unali utadutsa m'munda wa eni chammbali, masaya ali tutumu. A Donato anati mdzukulu ameneyu watengera mbali ya ku Ntcheu. Ine ndinati kwathu sitiba nkhumba, timaba ng'ombe.

Koma za chipinda palibe anatchula. Tinamwa khofi wawo wowawa uja wa m'tikapu ta chidole. A Assunta anapala thabwa ndi mpeni, poti sopo salifika. Dzuwa la Januwale linayamba kulowa anthu asanagaye n'komwe. Ndinaona Limbani ndi Lucia akulankhulana kukhitchini, chitseko chotseka theka, ndipo makutu angawa, amene amamva ndalama ikagwa kutali ku Barking, tsiku limenelo sanagwire kanthu. Kufunsa sindikanatha. Munthu wadya kumene nkhuku ya chiyanjano, n'kuyamba pomwepo kufunsa za chipinda, angati unadyera chipindacho.

Tinakwera galimoto. Limbani ankandibwezera kwanga. Ine maso pa windo, ndikuwerenga masitepe a ku Thamesmead m'mutu, ndikuganiza chimene ndidzamuuze mayi wa ku khansolo m'mawa. Titafika pa mzere wa magalimoto olowa mu tanelo ya pansi pa mtsinje tinaima. Limbani anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, anagwedeza mutu nthawi yaitali, kenaka anatembenuka.

"Zaka khumi ndi zinayi, Adadi. Nkhuku imodzi. Mukanangonena, ndikanakagula yamoyo tsiku la ukwati lomwelo. Yambani kulongedza. Lucia akuti njinga zituluka mawa, ine ndibwera ndi vani Loweruka."